Karinya ya Malume Bonifasiyo Inaima pa Msika

Loweruka lapitali tinakaika chiliza pamanda a malume anga, a Bonifasiyo Mbewe, amene anatisiya chaka chatha nyengo yamvula ngati ino. Chilizacho n'chokongola, ndisaname. Matailosi akuda onyezimira, chithunzi chawo atavala jekete yobwereka, ndi mawu a Chipwitikizi owauza kuti apumule mumtendere. Mtendere wake ndi wa pano pa Moatize, pakati pa anthu awiri amene sanaonanepo nawo, ndipo sitima ya malasha ikamadutsa maluwa apulasitiki amanjenjemera. Mwana wawo Jelasiyo, msuweni wanga amene amagwira ntchito kumgodi, analankhula bwino kwambiri. Anati bambo ake anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano, ndiponso kuti malo amene agonawa anasankha okha. Mabodza atatu osapumira n'komwe. Ine ntchito yanga inali yonyamula mipando.

Ndine mwana wa mlongo wawo. Ndinaphunzirako zamakina ku Tete chaka chimodzi ndi theka, kenako sukuluyo ndi ine tinagwirizana kuti tisiyane popanda kusungirana mangawa. Kuyambira pamenepo malume ankanditchula kuti Injinyeru, makamaka pakakhala anthu. Sindikunena izi kuti mundidziwe, koma zifunika kutsogoloku tikafika pofufuza amene analakwa.

Malume sanali ofatsa. Ankakangana ndi ogulitsa gazolina, amene ena amati petulo, ndi apolisi apamsewu, ndi oyendetsa mashapa, maminibasi athu aja, ndi wailesi imene. Munthu akabwera ndi galimoto yake ku ofisina yawo, yomwe inali mthunzi wa mtengo wa masawu pachitunda kuseri kwa msika, ankayamba amutukwana kaye chifukwa cha mmene waizunzira, kenako n'kumukonzera bwino kuposa wina aliyense. Ankati chitsulo sichinama, amanama ndi mwini wake. Sankabwereketsa sipanala kwa munthu. Ankadya ataima. Akamamvetsera motori, injini ya galimoto, ankatsinzina, n'kuika chala pachitsulo ngati namwino, ndipo ukayankhula nthawi imeneyo unkauzidwa za makolo ako.

Pansi pa msawu uja ndi pamene pankaima karinya. Inali galimoto yakale ya bodi kumbuyo, yokoka ndi magudumu onse anayi, yaikulu msinkhu kuposa ine ndi Jelasiyo. Mtundu wake weniweni palibe ankaudziwa chifukwa chitseko chilichonse chinali ndi utoto wakewake. Anayamba kuiyendetsa ali mnyamata, kwa mzungu wina amene ankagula mbatata ndi nyemba m'mapiri a ku Zóbuè. Mzunguyo pochoka m'dziko muno anasiya makiyi patebulo osanena kanthu, malume n'kumva kuti wanena zonse.

Nthawi ya nkhondo amfuti anailanda kawiri, kamodzi a mbali iyi, kamodzi a mbali inayo, kuti pasakhale kukondera. Maulendo onse awiri zinachitika chimodzimodzi. Anawatsitsa malume, n'kuiliza, n'kuyenda kuchokera pa tchalitchi cha kwathu kwa Kaphulusa mpaka pamtsinje, n'kuzima. Anaikankha, anaimenya ndi zidendene, anawamenya malume, koma sinalirenso, mpaka anaisiya. Amfuti atachoka, malume anakwera ndi nthiti zawo zothyoka, n'kubwera nayo kunyumba ikulira bwinobwino.

Mudzi wonse unadziwa tanthauzo lake popanda wouuza. Munthu uyu ali ndi mankhwala. Umboni unalipo, chifukwa nthawi zonse asanalize galimoto ankawerama, n'kupisa dzanja lamanzere pansi pa mpando, milomo ikugwedera, ndipo akafika ankachitanso chimodzimodzi asanatsike. Amene anasuzumirapo ankati pali kanthu kokulungidwa m'kansalu kakuda, komangidwa ndi ulusi wofiira, kali ndi mikanda itatu. Malume sanavomere, sanakanenso. Akawerama, aliyense wokhala nawo kutsogolo ankayang'ana kunja pawindo. Anthu a kwathu tili ndi ulemu umenewo. Ndi ulemu umene unawagoneka pa Moatize, koma ndisathamange.

Nkhondo itafika poti munthu sangagonenso m'nyumba, anthu a kwa Kaphulusa anaolokera ku Malawi. Malume asananyamuke anaiphwasula karinya ija chidutswa ndi chidutswa. Motori anaipaka mafuta, n'kuikulunga m'lona, n'kuikwirira m'khola la mbuzi. Mafupa ake achitsulo anawakokera kuchigwembe n'kuwafunditsa nthambi. Zitseko, magudumu, mamola, aja ena amati masipuling'i, ndi zina anagawira anthu kuti aliyense abise kwake. Wina aliyense akanathawa ndi bulangete n'kuiwala. Iwo anathawa ndi bulangete, akazi awo, mwana, ndi kansalu kakuda kaja m'thumba.

Akazi awo, a Nachisale, sanabwerere. Anamwalira kumsasa wa othawa nkhondo ndipo anaikidwa m'mphepete mwake, pamalo amene eni dziko analoza. Nkhaniyi malume anandiuza kamodzi kokha, akupala chitsulo, osandiyang'ana. Mtendere utabwera, anasula mtanda kuchokera ku mola wothyoka, n'kulembapo dzina la akazi awo ndi tchizulo, n'kuolokanso malire kuti akauzike. Anapeza msasa kulibe. Panali chimanga, chobiriwira bwino. Mwini munda, munthu waulemu ndithu, analoza ndi chibwano n'kunena kuti mwina cha apo, kapena cha uko pafupi ndi chulu. Malume anaima, n'kutembenuka, n'kubwera nawo mtandawo. Unakhala kuseri kwa mpando wa karinya zaka zonse zotsatira.

Sanalumbire pamaso pa anthu. Anangoyamba kuyenda khomo ndi khomo kutolera galimoto yawo.

Apa m'pamene mudzi unadziwa kuti mtendere nawo uli ndi mavuto ake. Chitseko chimodzi anachipeza chikutseka khola la nkhuku. Chivundikiro cha motori amayi ena ankayanikapo ufa, ndipo analira pochipereka ngati akupereka mwana. Mamola ambiri anali atasanduka nkhwangwa ndi makasu, eni ake akulumbira kuti anadyedwa ndi dzimbiri, nkhwangwa ili paphewa. Koma mkangano umene anthu amaukumbukirabe ndi wa a Mateyu, akatekisiti a kwathu, amene anasunga janti, chitsulo chija amavekapo tayala. A Mateyu anali ataipachika pamtengo kutsogolo kwa tchalitchi n'kuisandutsa belu.

Malume anafika Lamlungu m'mawa ndi makwerero.

“A Mbewe, chimenecho n'chodalitsidwa,” anatero a Mateyu.

“Anadalitsa ndani?”

“Abambo mfumu, ndi madzi oyera, anthu akuona.”

“Ndiye chifukwa chake chachita dzimbiri. Gwirani makwererowa, a Mateyu, ndingagwere pa inu.”

“Mukuba m'nyumba ya Mulungu!”

“Mulungu ndinamusungitsa, sindinamupatse. Ngati akufuna gudumu anene saizi, ndimupezera.”

Anamupezeradi. Sabata yotsatira anabwera atasenza janti ya lole imodzi mwa zimene zinapsa mumsewu waukulu nthawi ya nkhondo. Inali yaikulu, ya mawu akuya, ofanana ndendende ndi belu la Apulotesitanti a tsidya la mtsinje, moti kwa mwezi wathunthu mipingo yonse iwiri inkafika kumapemphero nthawi yolakwika. A Mateyu sanawalankhule malume zaka ziwiri. Malume ankati zinali zaka zabwino.

Atasonkhanitsa zimene zinapezeka anatsikira nazo ku Moatize, kumene kunali magetsi owotcherera zitsulo, ndipo anamanga galimotoyo kachiwiri. Koma sanaibwezere mmene inalili. Anadula mafupa ake pakati n'kuwatalikitsa, anthu akuseka kuti mkuluyu nkhondo inamusokoneza. Poyeza kutalika kwa bodi sanagwiritse ntchito tepi. Anagona chagada pamatabwa, manja pachifuwa, popeza munthu wamtali kuposa onse amene ankamudziwa anali iwo eni, n'kuuza mnzawo wowotcherera kuti alembe ndi choko kumutu ndi kumapazi, n'kuwonjezera chikhatho uku ndi uku. Kenako anadula chingwe cha muyeso umenewo n'kuchisunga. Mamola anakagwetsa ku malole opsa omwe aja, ndipo galimoto inakwera m'mwamba moti amayi ankachita kunyamulidwa pokwera. M'mbali anaika mabenchi awiri, pamwamba mapaipi amadzi opinda oti azifunditsapo lona, pansi anakhomera zidutswa za matayala kuti katundu asatsetsereke. Kumbuyo kwa kabini anamangirira khasu, nkhwangwa ndi unyolo.

Anthu anamvetsa pamene munthu woyamba wa kumapiri anamwalira pa Moatize. Achibale akukambirana zomuika m'tauni chifukwa kwawo sikufika galimoto, malume anaimika karinya pakhomo, n'kutsitsa chitseko chakumbuyo. Bokosi linalowa lonse, chitseko n'kutsekeka. Ankadana kwambiri ndi bokosi loyenda miyendo ili panja, litamangidwa ndi zingwe ngati mtolo wa nzimbe. Ankati munthu amene wavutika moyo wake wonse asamachitenso manyazi paulendo womaliza.

Kuyambira pamenepo ndi imene inali ntchito ya karinya. Ankangofuna gazolina ndi munthu mmodzi wodziwa njira. Ananyamula Akatolika, Apulotesitanti, Anyungwe, ndi ena oti mpingo wawo unali botolo. Anafika nawo ku Nkondezi, ku Mithete, ndi m'midzi ya kuseri kwa Zóbuè kumene msewu umatha n'kutsala maganizo chabe. Pamatope ankatsika, n'kumanga unyolo kumagudumu, n'kutukwana mvula. Ankayendetsa pang'onopang'ono moti njinga zinkatipitirira. Ukadandaula ankakuuza kuti wakufa sangathe kunena kuti wagundidwa, ndiye woyendetsa ayenera kumumvera ululu. Akafika sankadya pamaliro, sankalandira zikomo. Ankatembenuza galimoto, n'kupisa dzanja pansi pa mpando, n'kukhala pamthunzi mpaka zithe.

Amoyo okha ndi amene ankaiopa. Tsiku lina tinapeza mayi Rozita, amene amatsogolera nyimbo za amayi pamaliro, akuyenda padzuwa la pa Moatize atasenza thumba la makala.

“Kwerani kumbuyoko, mayi,” anatero malume.

“Ayi, a Mbewe, ndikadali bwino.”

“Ndikunena makalawo.”

“Nawonso akadali bwino.”

Jelasiyo ankachita nayo manyazi. Atayamba ntchito kumgodi, n'kumavala chipewa choyera ndi nsapato zachitsulo kumphuno, anauza bambo ake kuti awagulira galimoto yooneka ngati ya munthu. Malume anamufunsa ngati galimoto imeneyo ingakwere chitunda cha kwa Kaphulusa mwezi wa mvula. Jelasiyo anati masiku ano anthu amaikidwa kumene afera, kumudzi kulibenso kanthu koma mbuzi ndi nkhalamba. Malume anaika sipanala pansi, zimene sankachita kawirikawiri.

“Amayi ako ali pansi pa chimanga cha munthu,” anatero. “Ukudziwa munda wake?”

Jelasiyo sanabwerenso ku ofisina.

Ndiye pasapezeke munthu wonena kuti sankadziwa chimene malume ankafuna. Anauza ine, anauza mng'ono wawo a Lusiyano, anauza mayi Rozita, anauza ngakhale wogulitsa gazolina. Kwa Kaphulusa, pambali pa amayi awo, pa karinya yawo, ndipo mtanda wa mola uja ukazikidwe pamenepo kuti a Nachisale nawonso akhale ndi poti anthu n'kuloza. Anali atalembapo kale dzina lawo pansi pa la akazi awo. Nthawi iliyonse akapititsa maliro kwathu ankapempha adzukulu kuti awalole kulambula malowo, n'kuyezanso ndi chingwe chija ngati kuti dothi lingafupike.

Za pansi pa mpando ndinawafunsa kamodzi. 

“Injinyeru, kusukulu kuja sanakuphunzitse?”

“Tinali tisanafike pamutu umenewo, malume.”

“Ndidzakuuza tsiku lake. Ukadziwa lero, mawa adziwa mkazi wako, mkuja adziwa msika wonse.”

“Nkhondo inatha, malume.”

“Anakuuza ndani? Amene anaiyambitsa aja?”

Tsiku lakelo silinafike. Anagwa masana, dzuwa lili paliwombo, akumasula gudumu la shapa ya munthu. Pofika nawo kuchipatala anali atapita, osatsanzika, osatukwana aliyense.

Tinanyamuka m'mawa wa tsiku lachitatu. Bokosi linalowa bwinobwino, chikhatho kumutu, chikhatho kumapazi, chitseko n'kutsekeka. Amayi anakhala m'mabenchi, mayi Rozita anayambitsa nyimbo. Makiyi anapatsa ine, poti ndine Injinyeru. Pambali panga panakhala malume aang'ono a Lusiyano, amene chiyambire dzulo lake ankadandaula za msana wawo ndi za matope a kumapiri. Jelasiyo ndi anzake a kumgodi ankatitsatira pa galimoto zawo zoyera, zimene tonse tinkadziwa kuti zikathera pa Zóbuè pamene pathera tala.

Ndinapotokola kiyi, inalira nthawi yomweyo. Tinatsika chitunda, tinadutsa pa mlambe, tinafika pamsika. Inatsokomola kawiri n'kuzima.

Ndinatsika mwaulemu wonse wa munthu wophunzira. Gazolina m'thanki analimo wodzaza. Moto kumapulagi unalipo. Ndinathira gazolina pang'ono pakamwa pa motori, inalira, tinayenda mpaka pa ogulitsa tomato, inazima. Nyimbo kumbuyo inayamba kuchepa mphamvu. Ndinathiranso, inalira, tinafika pa ogulitsa nsomba zouma, inazima. Msika wonse unali utasiya malonda.

Ndinadziwa kuti mafuta sakufika. Zimenezo ngakhale wa chaka chimodzi ndi theka amadziwa. Ndinagwira kapaipi ka gazolina n'kuyamba kukalondola ndi dzanja kuchokera ku motori, kudutsa pansi, kukwera m'kabini, mpaka kanalowa pansi pa mpando wa dalaivala. Ndinagwada, ndinasuzumira. Kapaipiko kankalowa m'kansalu kakuda, kolimba ndi mafuta a zaka zambiri, ulusi wofiira, mikanda itatu.

“Mphwanga,” anatero a Lusiyano chapansipansi, “zimenezo si zako. Mwini wake wagona kumbuyoku.”

Ndikufuna ndilembe bwino zimene zinachitika, chifukwa ndakhala ndikuzikonza m'mutu chaka chonse kuti zioneke bwino ndipo zakana. A Lusiyano sanandigwire dzanja. Linabwerera lokha. Ine amene ndinkaseka za mankhwala m'mabala onse a pa Moatize, ine amene ndinajambulapo motori yonse pa bolodi, ndinaona mikanda itatu ya mtengo wa bokosi la machesi, tsitsi n'kuima. Ndinadzuka, ndinapukuta mawondo, ndinalengeza kwa anthu kuti pampu yafa.

A Lusiyano anavula chipewa, n'kupita kumbuyo, n'kuika dzanja pabokosi.

“Achimwene, ndi ife. Tikukuperekezani kumudzi. Ngati pali chimene chakukhumudwitsani, tikhululukireni, tiyeni tizipita.” Kenako anandiuza kuti ndiyesenso.

Ndinathira kachitatu. Inalira, inayenda kutalika kwa ngolo ziwiri, inazima.

“Akana,” anatero a Lusiyano. Sanathe kubisa kuti msana wapepuka. “Mwaona nonse. Katatu. Munthuyu sakufuna kuchoka pa Moatize.”

Mawuwo anayenda mumsika mofulumira kuposa mmene karinya inayendera moyo wake wonse. Akana, akana, maliro akana. Amayi ena anayamba kutsika m'mabenchi. Mayi Rozita okha ndi amene anaimirira m'bodimo, nsalu itamangidwa m'chiuno.

“Akana chiyani? Munthu uyu wakhala akuimba nyimbo imodzi chibwerere ku Malawi! Mwamuna wanga anamukweza phiri ndi unyolo mvula ikugwa, lero iyeyo akane kwawo? Fufuzani bwino galimotoyo, inu a Injinyeru!”

“Mayi, akufa amaona zimene ife sitiona,” anatero a Lusiyano. “Mwina kumeneko kuli zimene sakufuna kukumana nazo.”

“Kapena inu ndi amene simukufuna kukumana ndi matope.”

Jelasiyo anali kale pafoni. Anabwera n'kundigwira phewa, n'kunditchula msuweni m'Chipwitikizi. “Primu, dzuwa ili ukuliona. Thupi silingadikire pampu yochokera ku Tete. Malo ndapeza, abwino, pafupi ndi msewu. Anzanga onse ali pano.”

Mwa mwambo wathu mwana alibe mawu pa maliro a bambo ake. Mawu ndi a kwawo kwa malemu, abale ake ndi ana a alongo ake. Ndiye kuti a Lusiyano ndi ine. Mkulu wina anafunsa mokweza, monga kuyenera, kuti mbumba ikuti bwanji. A Lusiyano anati anena kale. Anthu anayang'ana ine. Ndinali ndi botolo la gazolina m'manja, ndipo ndinaliyang'anitsitsa ngati muli yankho.

Anasamutsira bokosi m'galimoto yoyera ya mnzake wa Jelasiyo, ya mipando inayi ndi kabodi kakafupi. Silinakwane. Linayenda miyendo ili panja, litamangidwa ndi chingwe chabuluu.

Karinya tinaikankha kubwerera pansi pa msawu, ndipo inakhala pamenepo miyezi itatu popanda woiyandikira. Ngakhale akuba ankailambalala. Kenako Jelasiyo anaitana ogula zitsulo zakutha, aja timawatchula a sukata, anthu ochokera kutali amene saopa mikanda ya eni dera. Ndinapita kukaonerera, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinangotulutsa mtanda kuseri kwa mpando asanayambe. Mmodzi anazula mpando n'kuuponya panja, n'kuona kansalu kaja, n'kukang'amba ndi mpeni ngati akusenda chinangwa.

M'kati munali kampopi ka mkuwa, konga kamene amaika pa mgolo wa madzi. Anakapotokola, gazolina n'kuyamba kutayikira pansi.

“Eee, mdala uyu anali tsotsi,” anatero akuseka. “Akatseka apa, wakuba amangoyenda ndi totsalira m'motori, basi. Ndani angagwire chithumwa? Mukufuna, bwana, kapena tiyeze pamodzi ndi zinazi?”

Ndili nako pano patebulo. N'kolimba kupotokola, kamafuna mphamvu, ndipo ndaona kuti ndikamakapotokola milomo yanga imagwedera. Pemphero lija tinkalipatsa ulemu poyang'ana kunja linali kutukwana kampopi.

Anthu amandiuza kuti ndisiye kukwiya, zinachitika basi. Ndayesa, koma sindikudziwa kuti ndiyambire kusiyira ndani. A Lusiyano anamva mawu a wakufa mogwirizana ndi msana wawo. Jelasiyo anapeza manda pa foni imodzi, mwachangu chokayikitsa, ngati munthu amene nambala anaisunga kale. Anthu onse aja amene abale awo anakwezedwa mapiri pa karinya imeneyi anaima pamsika n'kumagwedeza mitu kuti zoona, akana. Ndipo inu malume, ndikunena ndi inu, nkhondo itatha anthu anapereka mfuti, anafukula mabomba m'minda, adani anayamba kugulitsana tomato, inu nokha munakana kutulutsa kampopi. Munakonza zonse, munayeza ndi msana wanu, munalemba dzina lanu pachitsulo, n'kusiya kunena mawu anayi kwa munthu mmodzi. Munabisira asilikali amene anakalamba kalekale, n'kugwira ife.

Koma ndikamaliza kuzungulira onsewa ndimafika pakhomo panga. Sikunafunike ngakhale kukhudza kansalu kaja. Chigubu cha gazolina pamwamba pa kabini, kapaipi kutsikira ku motori, basi, tikanafika kwa Kaphulusa dzuwa lisanapendeke. Zimenezi anatiphunzitsa mwezi wachiwiri, ndipo tsiku limenelo m'kalasi ndinalimo. Ndinazikumbukira tikubwera kumanda, ndikusamba m'manja.

Loweruka lija ndinapita ndi mtanda wa mola kuti mwina uzikidwe pambali pa chiliza. Jelasiyo anauyang'ana, n'kuyang'ana matailosi ake, n'kunena kuti, “Primu, usatichititse manyazi.” Ndinamaliza kunyamula mipando. M'mawa mwake ndinakwera shapa mpaka pa Zóbuè, n'kuyamba kukwera phiri wapansi, chitsulo paphewa, matope m'mawondo. Palibe galimoto imene yafikako chiyambire mvula. Anandiuza kuti anthu awiri a kwathu amene amwalira ku Moatize chaka chino aikidwa komweko.

A Mateyu akadali moyo, akuyenda ndi ndodo, diso limodzi linachita ng'ala. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mtanda.

“Ndiye mwabwera ndi chitsulo chokha?”

“Chokha, agogo.”

“Mwini wake anakana, tinamva.”

Ndinatulutsa kampopi m'thumba n'kuwafotokozera. Anakagwira, n'kukatembenuza. Kenako anati munthu ameneyu anali wovuta chibadwire, n'kutuma uthenga kwa amfumu ndi kwa adzukulu kuti atitsegulire njira ya kumanda. Iwo anapita pamtengo paja n'kuyamba kumenya janti ya lole, pang'onopang'ono, mmene amaimbira belu la maliro. Anthu anatuluka m'minda kudzafunsa kuti wamwalira ndani. A Mateyu anati palibe, ndi a Mbewe aja, afika mochedwa.

Malowo alipo, pambali pa manda a agogo anga. Udzu wamera mpaka m'chiuno, koma m'mphepete mukuonekabe pamene khasu lawo linkalekezera chaka ndi chaka, ndi timiyala tinayi timene anaika m'makona. Adzukulu analambula, tinazika mtanda kumutu. Uli ndi mayina awiri. Wina ali pansi pa chimanga ku Malawi, wina ali pansi pa matailosi m'mbali mwa njanji. Ndinali ndi chingwe chawo chija, ndiye ndinayeza, poti iwo akanayeza. Malowo ndi okwana ndendende, chikhatho kumutu, chikhatho kumapazi, ndipo pansi pake dothi silinakumbidwepo.